MANKHWALA OTSUKIRA SEFA ANGALANDE MPHAMVU YA ALAMU M'MADZI AKUMWA

Munthu amene atsekula mpopi m'mawa natunga madzi oyera saganizira kawirikawiri za ulendo umene madziwo ayenda kuchokera kumtsinje kufikira m'ndowa yake. Komabe pa ulendo umenewo pali malo ena pamene kulakwa kwakung'ono kungathe kudwalitsa mzinda wathunthu. Masiku ano mizinda yambiri ya m'maiko akutali, ndi ina ya mu Africa muno, ikusefa madzi ndi sefa zatsopano zimene akatswiri azitcha membrane, ndiko kunena nembanemba. Sefazi zatamandidwa kwambiri popeza zimagwira ngakhale tizirombo timene klorini alephera kupha. Chimene sichinenedwa kawirikawiri ndi chakuti nembanemba ziyenera kutsukidwa ndi mankhwala amphamvu, ndi kuti mankhwalawo akabwezedwa mosasamala kumene madzi ayambira kuyeretsedwa, amalanda mphamvu ya alamu, amene ndiye maziko a ntchito yonse. Nkhani iyi ikhudza aliyense amene akhala pa komiti yogula zipangizo za Boma, ndiponso mphunzitsi aliyense amene aphunzitsa ana za ukhondo ndi sayansi.

NTCHITO YA ALAMU

Amene anaonapo mtsinje wa Shire m'nyengo ya dzinja adziwa m'mene madzi ake amafiirira ndi dothi. Madzi oterewa ndiwo amene bungwe la madzi la Blantyre limatunga ku Walker's Ferry, ndipo a ku Lilongwe nawonso amalimbana ndi matope a mumtsinje wa Lilongwe mvula ikagwa. Mchenga umadikha wokha m'kanthawi kochepa, koma tinthu tating'onoting'ono ta dongo tingayandame masiku ambiri, ndipo tina zaka, osatsika pansi. Chifukwa chake nchakuti tonse tiri ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, ndipo timakankhana monga zichitira mbali ziwiri zofanana za maginito.

Apa ndi pamene alamu alowera. Alamu ndi mchere wa aluminiyamu, ndipo malo ena amagwiritsa ntchito mchere wa chitsulo m'malo mwake. Akathiridwa m'madzi ndi kutakasidwa mofulumira, aluminiyamu amathetsa mphamvu yokankhana ija, napanga tinthu tofewa tonga phala lamadzimadzi timene dongo, tizirombo ndi zonyansa zochokera ku masamba owola zimakakamirapo. Pambuyo pake madziwo amatakasidwa pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30 kuti tinthuto tiphatikizane ndi kusanduka timibulu tooneka ndi maso. Mayi wophika nsima amadana nayo mibulu, koma injiniya wa madzi amakondwera akaiona, pakuti mibulu ndiyo imatsika pansi pa thanki, ndipo yotsalira imakodwa m'sefa ya mchenga.

Ntchito imeneyi njosachedwa kusokonezeka. Alamu amagwira bwino pamene muyezo wa kuwawasa kwa madzi, wotchedwa pH, uli pakati pa 6 ndi 7.5. Kunja kwa malire amenewa aluminiyamu amayamba kusungunuka m'madzi osapanga timibulu. Tsono sefa ya mchenga payokha iri ndi mipata ikuluikulu poyerekeza ndi tizirombo, kotero kuti timibulu tikalephera kupangika, tizirombo timadutsa mumchengamo monga nsomba zing'onozing'ono zidutsira mu ukonde wa maso akulu.

CHIMENE CHINACHITIKA KU MILWAUKEE

Umboni woopsa wa zimenezi unaoneka mu 1993 mumzinda wa Milwaukee, m'chigawo cha Wisconsin ku America, umene umatunga madzi ake m'nyanja ya Michigan. Mu August 1992 mzindawo unasiya alamu nuyamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena a aluminiyamu otchedwa polyaluminium chloride. Chakumapeto kwa March 1993 madzi a m'nyanja anasintha, ndipo pa malo oyeretsera madzi a Howard Avenue, kumwera kwa mzindawo, timibulu sitinapangike bwino. Kuvunduka kwa madzi otuluka kunakwera kufikira 1.7 pa muyezo wa NTU, pamene masiku ena onse kunali kotsika kwambiri kuposa apo. Pa nthawi imeneyo madzi otsukira sefa za mchenga analinso kubwezedwa koyambira kuti ayeretsedwenso, pamodzi ndi tizirombo tonse timene sefazo zinagwira.

Kachirombo kotchedwa Cryptosporidium, kamene kamatsekula m'mimba ndipo sikafa ndi klorini wa m'madzi akumwa, kanalowa m'mipopi. Pa 7 April anthu anauzidwa kuti aziwiritsa madzi, ndipo pa 9 April malo a Howard Avenue anatsekedwa. Madokotala anawerengera kuti anthu 403,000 anadwala, ndipo oposa 50 anamwalira, ambiri a iwo anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinali chofooka kale chifukwa cha Edzi.

Ku Milwaukee kunalibe nembanemba, ndipo mzindawo pambuyo pake unasankha kupha tizirombo ndi mpweya wa ozone. Koma tsoka limeneli linabala zinthu ziwiri zimene ziri pamtima pa nkhani ino. Choyamba, mizinda yambiri inathamangira kugula nembanemba, monga unachitira mzinda wa Minneapolis umene unatsegula malo ake akulu a Columbia Heights mu 2005. Chachiwiri, mu 2001 bungwe la Boma la America loyang'anira za chilengedwe, la EPA, linakhazikitsa lamulo lotchedwa Filter Backwash Recycling Rule, lonena kuti madzi otsukira sefa akabwezedwa, azidutsanso m'magawo onse a kuyeretsa, ndi kuti eni malo azisunga kaundula wa madzi obwezedwawo. Lamuloli linalembedwa poganizira za sefa za mchenga ndi tizirombo, ndipo pa cholinga chimenecho ndi labwino. Koma awerengi azindikire kuti koyambirako, kumene madzi obwezedwa amathiridwa, ndi kumenenso alamu agwirira ntchito yake.

KATSUKIDWE KA NEMBANEMBA

Nembanemba zambiri zimapangidwa ngati timapaipi ta pulasitiki topyapyala tonga udzu, tomangidwa m'mitolo ya zikwi zambiri. M'khoma la kapaipi kalikonse muli timabowo tosaoneka ndi maso. Mazira a Cryptosporidium ndi aang'ono kotero kuti 200 atandandalikidwa angakwane milimita imodzi yokha, koma timabowo ta nembanemba ndi tating'ono kuwaposa mazirawo ka 50, ndipo ta mitundu ina ndi tating'ono koposa apo. Chomwecho kachirombo sikangadutse ngati kapaipi sikanaduke.

Ngakhale ziri choncho, malo ambiri sanataye alamu. Amamthira patsogolo pa nembanemba kuti agwire zonyansa zosungunuka zimene zimapatsa madzi mtundu wa tiyi, ndiponso kuti timabowo tisatsekeke msanga. Ku Windhoek, likulu la Namibia, kumene madzi ndi osowa kotero kuti kuyambira 1968 madzi ogwiritsidwa kale ntchito m'nyumba amayeretsedwa ndi kubwezedwa m'mipopi, malo atsopano a Goreangab amene anatsegulidwa mu 2002 ali nazo njira zonse ziwiri: kuundanitsa zonyansa koyambirira, ndi nembanemba chakumapeto.

Walira mvula walira matope. Sefa imene igwira zonse imatsekeka ndi zonsezo. Pa mphindi 15 kufikira 60 zirizonse makina amakankhira madzi chambuyo kuti asansule litsiro, koma pali zina zimene madzi okha sangachotse. Ndere, mabakiteriya ndi zowola za m'madzi zimachotsedwa ndi klorini wa mtundu umene uli mu Jik, kapena ndi caustic soda, yemwe uja amayi ena apangira sopo. Aluminiyamu, chitsulo, manganizi ndi laimu zimene zauma pa nembanemba zimachotsedwa ndi asidi, ndipo amene akondedwa kwambiri ndi citric acid, asidi yemwe apezeka m'mandimu, popeza saononga pulasitiki ndipo sachita ngozi yaikulu kwa antchito. Kutsuka kwakung'ono ndi mankhwala kumachitika tsiku ndi tsiku kapena mlungu ndi mlungu, ndipo kutsuka kwakukulu, pamene nembanemba imanyikidwa maola angapo, kumachitika pakapita mwezi kapena miyezi ingapo.

Pa malita 100 alionse olowa, malita 2 kufikira 10 amathera m'kutsuka kumeneku. Bungwe limene lalipira magetsi opopera madziwo kuchokera kumtsinje silikondwa kuwataya, ndipo kumene kuli chilala kutaya madzi kumaoneka ngati kulakwa. Motero pamabwera maganizo ooneka anzeru akuti madzi onse otsukira, a mankhwala omwe, angobwezedwa koyambira.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Asidi wa m'mandimu amatsuka bwino chifukwa ali ngati dzanja la zala zingapo limene limafumbata aluminiyamu kapena chitsulo ndi kuchisunga chosungunuka m'madzi. Mphamvu imeneyi siitha asidiyo akachoka pa nembanemba. Akafika koyambira nakomana ndi alamu watsopano, amachita ntchito yomwe ija anaphunzira: amafumbata aluminiyamu asanapange timibulu. Khalidwe limene limkometsa potsuka ndilo lomwe limuipitsa poundanitsa matope.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo mphunzitsi angawalembe pa bolodi. Tiyerekeze kuti injiniya athira mamiligalamu 30 a alamu pa lita iriyonse ya madzi a mumtsinje. M'menemo aluminiyamu weniweni ali pafupifupi mamiligalamu 2.7, ndipo kuti yenseyo afumbatidwe pafunika mamiligalamu 19 okha a citric acid. Tsono madzi onyikamo nembanemba kawirikawiri amakhala ndi magawo 2 a asidi pa magawo 100, ndiwo mamiligalamu 20,000 pa lita. Kutero nkunena kuti mgolo umodzi wa madzi otsukirawo utasakanizidwa ndi migolo 1,000 ya madzi a mumtsinje, asidi wake akadali wokwanira kulimbana ndi aluminiyamu yense wathiridwa. Nzoona kuti gawo lina la asidiyo limakhala litagwira kale zitsulo zochokera pasefa, koma zitsulo zimenezo nazonso zimabwerera ziri zosungunuka. Ndiponso kuonongeka kumayamba muyezo umenewu usanafike, pakuti asidi wochepa chabe amakakamira pa timibulu tongoyamba kumene natibwezera mphamvu yokankhana ija, kotero kuti timakhala tating'ono ndi tosatsika.

Pali msampha wina umene wakola ambiri. Mwambo wake ndi wakuti madzi a asidi asanatayidwe kapena kubwezedwa, amathiridwa soda kufikira muyezo wa pH utafika pa 7. Wogwira ntchito akaona nambala imeneyi amakhulupirira kuti ngozi yatha. Kwa asidi wa hydrochloric kapena wa sulphuric zimenezi nzoona, popeza chotsala ndi mchere wamba. Koma kwa citric acid soda amachotsa kuwawasa kokha, ndipo dzanja lofumbata lija limatsala ndi mphamvu zake zonse. Chipangizo choyezera chimasonyeza kuti zonse ziri bwino pamene alamu ali kulandidwa ntchito.

MANKHWALA ENA

Caustic soda akabwezedwa wambiri pa nthawi imodzi amakweza pH, ndipo ikapitirira 8 aluminiyamu amasungunuka. Asidi wosathiridwa soda amatsitsa pH, makamaka m'madzi a m'mapiri amene alibe laimu wokwanira, pakuti alamu mwini wake amawawasitsa kale madzi. Mankhwala ena otsukira amene makampani amagulitsa atasakaniza kale ali ndi phosphate, kapena EDTA amene amafumbata zitsulo molimba koposa citric acid, kapenanso sopo wamadzi amene ntchito yake ndi kumwaza litsiro kuti lisagwirizane. Zonsezi zimatsutsana ndi cholinga cha alamu, ndipo wogula sangadziwe ngati sanafunse chimene chiri m'chigubu.

Za klorini ziri pawiri. Wochepa nthawi zina amathandiza kuundanitsa, koma wambiri amaphwanya ndere nazitulutsa zam'kati mwake, zimene zimadya alamu wochuluka. Akakomana ndi zowola za m'madzi a mumtsinje amapanganso mankhwala otchedwa trihalomethane, amene bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linawaikira malire chifukwa choopa matenda a khansa kwa anthu owamwa zaka zambiri.

KODI NEMBANEMBA SIIGWIRA ZONSE?

Wina angafunse kuti, ngati nembanemba igwira tizirombo ngakhale popanda timibulu, kulephera kwa alamu kuli ndi kanthu kanji? Yankho liri patatu.

Poyamba, nembanemba zimenezi zimagwira tinthu toyandama, koma zosungunuka zimadutsa. Aluminiyamu wofumbatidwa amapita m'mipopi, kumene pambuyo pake angadikhe ngati matope oyererako, ndipo ndi woopsa kwa odwala impso amene magazi awo amatsukidwa ndi makina. Bungwe la WHO limanena kuti malo akulu oyendetsedwa bwino angathe kusunga aluminiyamu pa mamiligalamu 0.1 pa lita, ndipo malo ang'ono pa 0.2. Zowola zimene alamu analephera kugwira zimadutsanso, nizikakomana ndi klorini wothiridwa komaliza. Citric acid mwini wake ndi chakudya cha mabakiteriya, ndipo akadutsa amawanenepetsa m'mapaipi.

Kachiwiri, zonyansa zosaundana zimalowa m'timabowo ndi kutitseka msanga. Injiniya poona kuti madzi avunduka amaonjezera alamu. Alamu wochuluka amaunjikana pa nembanemba. Nembanemba imafuna kutsukidwa ndi asidi kawirikawiri. Ndipo asidi wochuluka amabwerera koyambira. Gudumu limeneli likayamba kuzungulira limadya mankhwala, magetsi ndi moyo wa nembanemba, imene iri yokwera mtengo ndipo maiko ambiri amaigula kunja.

Kachitatu, ndipo ichi ndicho choopsa koposa, mizinda yambiri siigwetsa malo ake akale pogula nembanemba. Sefa za mchenga zimapitiriza ntchito pambali pa zatsopano, ndipo zonse zimalandira madzi kuchokera koyambira kumodzi. Mankhwala otsukira nembanemba akasokoneza alamu, madzi a mbali yatsopano angaoneke oyera ndithu, pamene mbali ya mchenga yatsekukira tizirombo monga zinachitikira ku Milwaukee.

NJIRA ZODZITETEZERA

Akatswiri agwirizana pa njira zingapo zosafuna nzeru zachilendo. Yoyamba ndiyo kulekanitsa madzi otsukira opanda mankhwala ndi aja a mankhwala. Oyambawo ndiwo ochuluka, ndipo angabwezedwe atadikha m'thanki. A mankhwala ndi ochepa kwambiri, kotero kuti kuwataya sikuchepetsa madzi a mzinda, ndipo malo ake oyenera ndi thanki yapadera, m'mene asidi ndi soda zimathetsana ndipo klorini amaphedwa ndi sodium bisulphite, asanatumizidwe kumalo oyeretsera madzi a zimbudzi, kumene mabakiteriya amadya citric acid mosavuta.

Kumene kulibe paipi ya zimbudzi, njira yachiwiri ndiyo kubweza madziwo pang'onopang'ono kwa maola ambiri kapena masiku, pa muyezo wodziwika, osati kutsekula valavu ndi kukhuthula thanki yonse usiku umodzi. Yachitatu ndiyo kusintha mankhwala, kugwiritsa ntchito asidi wosafumbata zitsulo pa kutsuka kwa masiku onse, ngati opanga nembanemba alola, ndi kusunga citric acid kuti agwire pa kutsuka kwakukulu kokha. Pambuyo pa kutsuka kulikonse nembanemba itsukuluzidwe bwino isanayambenso ntchito.

Yachinai, imene iri yotsika mtengo kuposa zonse, ndiyo kuyesa m'mabotolo. M'chipinda choyesera cha malo alionse oyeretsera madzi muyenera kukhala kachipangizo ka mabotolo 6 otakasidwa pamodzi, kamene akatswiri akatcha jar test. Wogwira ntchito athira madzi a mumtsinje m'mabotolo onse ndi alamu wofanana, naonjezera madzi otsukira a miyezo yosiyanasiyana, ndipo pasanathe ola limodzi maso ake amuuza muyezo umene timibulu tiyamba kufooka. Kuyesaku kubwerezedwe nyengo ikasintha, pakuti madzi a m'chilimwe ndi a m'dzinja safanana. Ndipo m'kaundula wa tsiku ndi tsiku, nthawi ya kutsuka nembanemba ilembedwe pa tsamba lomwelo pamene palembedwa kuvunduka kwa madzi ndi kuchuluka kwa aluminiyamu, kuti chogwirizana chioneke msanga.

MAU KWA AKULU A M'MAOFESI NDI APHUNZITSI

M'Malawi muno madzi a m'mizinda ali m'manja mwa mabungwe asanu, la Blantyre, la Lilongwe, ndi a zigawo za Kumpoto, Pakati ndi Kumwera, amene agwira ntchito pansi pa lamulo la madzi la 1995. Pamene bungwe lirilonse, chipatala kapena sukulu yogonera komweko liganizira zogula nembanemba, mapepala a wogulitsa amafotokoza mokwanira za kuyera kwa madzi otuluka, koma za madzi otsukira amanena mwachidule. Safunsa anadya phula. Mkulu wa komiti yogula afunse mafunso awa asanasaine: Kodi nembanemba izi zidzatsukidwa ndi mankhwala anji, ndipo kangati? Kodi madzi a mankhwalawo adzapita kuti? Kodi thanki yowasungira ndi pampu yake ziri m'mtengo umene walembedwa? Ngati adzabwezedwa koyambira, ndani anayesa m'mabotolo ndi madzi a mumtsinje womwewo, m'dzinja ndi m'chilimwe? Thanki imene yaiwalika pojambula pulani imavuta kuimanga makina atayamba kale kuyenda, ndipo mlandu wake umagwera wogwira ntchito wa usiku amene alibe kwina kothira.

Aphunzitsi nawo angathe kuonetsa ana nkhani yonseyi popanda chipangizo chodula. Atenge mabotolo awiri oonekera m'kati, a lita imodzi lirilonse, nawadzaze ndi madzi amatope a pachithaphwi. M'botolo limodzi afinyiremo sipuni yaing'ono ya madzi a ndimu. Kenaka athire kambenembene ka alamu wosinja, kofanana, m'mabotolo onse awiri, awakhutchumule mwamphamvu kanthawi, ndi kuwazunguza pang'onopang'ono mphindi zingapo, nawaike pa tebulo. Ana asamwe madziwo, koma ayang'anitsitse. Belu lotulukira lisanalire, m'botolo lopanda ndimu matope adzakhala atadikha pansi ndi madzi oyera pamwamba, pamene linzake lidzakhala likadali lofiira monga linatungidwira.